Ulemu Upite kwa Chiphapha

Pakati pa zinthu zonse zimene anthu a kwa Mfumu Nchilamwela ku Thyolo amanyadira akakhala pansi ndi alendo, monga tiyi amene wayala zitunda zathu kuchokera ku Thunga kukafika ku Makwasa, mapeyala, ndi nthochi zimene zinkadyetsa Limbe ndi Blantyre matenda a chisaka asanazikanthe, pali chimodzi chimene sindinamvepo munthu akuchitchula mwaulemu, chingakhale chatumikira midzi ino koposa akuluakulu ambiri amene timawaombera m'manja. Ndipo chinthucho ndi galimoto yokalamba, imene anyamata opanda mwambo amaitcha chiphapha. Popeza olemba nyuzi sanachiyese choyenera inki yawo, ndadzipereka ine kuchilankhulira, ndipo ndipempha owerenga adekhe, pakuti nkhani ya chiphapha sifuna liwiro.

Ndidakhala nacho chimodzi zaka zambiri, ndipo ana a m'mudzi, pomva kutsokomola kwake kwa m'mamawa ndi kuona kayendedwe kake kosapupuluma, adachipatsa dzina loti Agogo; choncho kuyambira pano ndidzanena za iwo monga ayenera kunenedwera munthu wamkulu. Agogo adali pikapu ya mbadwo uja umene misewu ya dziko lino inkalamulidwa ndi Land Rover za mabwana a m'maesiteti, Datsun, ndi Peugeot 404, imene idayamba kupangidwa ku France mu 1960, ndipo ku Kenya adapitiriza kuilumikiza kufikira 1991 chifukwa anthu a ku Africa adakana kuitaya. Koma mukandifunsa fuko lenileni la Agogo sindingakuyankheni ndi mawu amodzi, pakuti chikalata cha boma chinkatchula dzina lina, injini idachokera ku banja lina, chitseko cha kumanzere chidali chamtundu wakewake, ndipo nyali ziwirizo sizidali pachibale. Kotero kuti m'thupi limodzi lomwelo mafuko a dziko lapansi ankakhala pamtendere umene ngakhale a ku United Nations sanaufikire.

Ukoma woyamba wa Agogo, umene uli mutu wa maukoma ena onse, udali wakuti sankalira paokha. Batire lawo lidataya mtima kalekale, ndipo m'miyezi ya June ndi July, pamene chiperoni chimachokera cha ku phiri la Chiperone ku Mozambique ndi kudzakuta minda ya tiyi ndi nkhungu ndi mvula yamawawa, mukapotokola kiyi kufikira dzanja litawawa, iwo ankabuula kamodzi kokha ndi kukhala chete. Pamenepo pankafunika anthu. Tsono taonani nzeru yake: munthu amene galimoto yake ifuna kukankhidwa m'mawa uliwonse sangakangane ndi mnansi wake za malire a munda, sangalambalale maliro, sangayankhe mwamwano mwana wa mnzake, pakuti adziwa kuti mawa kusanayere adzaima m'mbali mwa msewu, chipewa chili m'manja, kudikira anthu omwewo pamene akupita kukathyola tiyi mitanga ili kumsana. Zimene alaliki akhala akuyesa kutiphunzitsa chikhazikitsire mishoni ya ku Malamulo mu 1902, Agogo adandiphunzitsa m'nyengo imodzi ya chisanu.

Ndipo mwambo wa kukankhako udali wokongola kuuona. Amayi ankatula mitanga pa udzu, anyamata ankalavulira m'manja, ine ndinkalowa, kuika giya yachiwiri, kuponda kilatchi ndi kudikira mawu a wamkulu wa gululo, amene nthawi zonse ankakhala munthu wosakankha konse. "Tiyeni nawo! Tiyeni nawo! Isiyeni tsopano, achikulire!" Ndikachotsa phazi, Agogo ankadzuma, kunjenjemera, kukhala ngati akufuna kubwerera, ndiyeno n'kuphulika ndi mkokomo umene unkauza kapitawo wa kutsidya kuti nthawi yakwana, ndipo onse amene adathandiza ankalandira mdalitso wa utsi wakuda pankhope, wamkulu ndi wamng'ono mofanana. Ndikhulupirira kuti Mlengi, poumba dziko la Thyolo lopanda chidikha, ankakumbukira eni ziphapha, pakuti mnzanga wa ku Nchalo, kumene nthaka idangoti see, afunika amuna asanu ndi mmodzi pamene ife tifunika mtsetse ndi mwala wotchinga tayala. Kutchalitchi ndinkafika anthu onse asanafike, ndipo abusa adanditchula paguwa monga chitsanzo cha changu. Sindidaone chifukwa chowauzira kuti pabwalo lonselo malo otsetsereka adali amodzi okha.

Ukoma wachiwiri udali kusabisa matenda. Agogo akadwala ankanena, ndipo ankanena mokweza, kotero kuti makaniko wathu, amene galaja yake ndi mthunzi wa mtengo wa mango ndi bokosi la masipanala, ankadziwa nthendayo tisanakhote n'komwe. Iye ankapendeketsa mutu, kumvetsera, n'kunena kuti: "Achikulire, musadandaule, ndi kabuleta yatseka basi." Akatero ankamasula kapaipi, kuyamwa petulo ndi pakamwa, kulavula pambali, kupukuta mapulagi ndi kansalu, ndipo madzi a tiyi asanawire tinkakhala tili panjira. Mankhwala a Agogo onse ankapezeka m'mudzi. Thanki ikadontha tinkamata sopo. Mpope wa utsi ukalendewera tinkamanga ndi waya. Chilichonse chogwedera chinkamvera legeni. Ndipo ladiyeta ikachucha tinkathiramo masamba a tiyi, amene akafufuma amatseka timabowo, ntchito ya tiyi imene sindikhulupirira kuti Maclean Kay ankailingalira poyambitsa Satemwa mu 1923. Pa zakumwa sankasankha: petulo wathu, amene chiyambire 1982 amasakanizidwa ndi ethanol wa nzimbe za ku Dwangwa, ankamwa mokondwa, ndipo m'masiku a kusowa kwa mafuta a 2011 ndi 2012 adamwa za m'zigubu zimene ngakhale ogulitsawo sankadziwa makolo ake, osadandaula ngakhale tsiku limodzi.

Za maukoma ang'onoang'ono ndingodutsa. Wakuba sadawayandikirepo, chingakhale chitseko chinkatsekedwa ndi chingwe, pakuti palibe mbala imene imapita kuntchito ndi anthu okankha. Wapolisi sadandilembepo mlandu wa liwiro. Kuchuluka kwa mafuta tinkayeza ndi kamtengo, kamene sikananamepo.

Koma ana a masiku ano amati tsabola wakale sawawa. Ana anga, amene adakula atakhala m'bokosi la Agogo ndipo adapita kusukulu ndi ndalama za nthochi zimene Agogo adanyamula, adayamba kunena kuti manyazi awagwira, kuti munthu wa msinkhu wanga sayenera kugona pansi pa galimoto pamsewu wa ku Limbe, ndi mawu ena otere amene ana amanena akayamba kulandira malipiro. Adasonkha ndalama, ndipo tidapita kwa wamalonda wina wa ku Limbe amene amalandira galimoto zakale ndi kupereka zatsopano munthu akawonjezera pamwamba. Iye adazungulira Agogo, nagogoda apa ndi apo, natchula mtengo umene ndidauyesa wa matayala okha. Ndipo nditafunsa za zotsalazo adati zotsalazo akundichitira chifundo pozilandira.

Imene timaitcha yatsopano kuno, nayonso idakalambira kwina. Ku Japan kuli lamulo lotchedwa shaken, loti galimoto iyesedwe ikatha zaka 3 ndipo pambuyo pake zaka 2 zilizonse, ndipo popeza mayesowo ndi odula, ambiri amaona chanzeru kugulitsa galimoto ikadali yamphamvu. Zotayidwazo zimakwera sitima ya pamadzi kufika ku Dar es Salaam, zimalowa m'dziko muno pa Songwe, zimalipira msonkho wa kasitomu, ndipo popeza a ku Japan amayenda kumanzere kwa msewu monga ife, chiwongolero chimapezeka chili kale mbali yoyenera. Umu ndi mmene ma Sienta, ma Vitz ndi ma Probox adadzazira misewu yathu, kotero kuti pa Bvumbwe tsiku la msika munthu sapeza podutsa.

Sindidzachitira galimoto yatsopanoyi umboni wonama. Imalira ndi chala chimodzi, ngakhale chiperoni chitagona sabata yathunthu; denga lake silidontha; imamwa pang'ono; ndipo munthu amafika kumene akupita malaya ali oyera. Izi zonse ndazilemba kuti ana anga aziwerenge. Koma akulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. M'mawa uliwonse ndikailiza, mayi wina wosaoneka amandilonjera m'Chijapani, ndipo mdzukulu wanga atafufuza pa foni adandiuza kuti akudandaula za khadi la msonkho wa pamsewu wa kwawo, limene adalisiya kutsidya kwa nyanja. Chilowereni m'nyumba mwathu sanaphunzire ngakhale moni. Wayilesi yake idapangidwira manambala a ku Japan, kuyambira 76 kulekeza 90, pamene nyumba zambiri zoulutsa mawu kuno zili pamwamba pa 90, choncho nkhani za dziko langa ndimazimva kwa anthu ena. Mimba yake ndi yotsika, yoyenera misewu ya ku Nagoya, ndipo ikangosiya phula ndi kulowa m'misewu ya pakati pa minda, kumene mathirakitala onyamula tiyi adakumba ngalande ziwiri ndi kusiya mtumbira pakati, imakhula pansi ndi kulira kumene kumandilasa m'thumba.

Choposa zonse ndi kudzikuza kwake. Ilibe kilatchi, choncho batire likafa, ngakhale mudzi wonse utaikankha kuchokera pa boma kukafika ku Luchenza, siingalire. Siifuna manja a munthu, ifuna batire lina. Ikadwala sinena chimene chikuwawa, imangoyatsa kanyali kachikasu n'kupitiriza kuyenda mwakachetechete, ngati mkamwini amene wakwiya koma safuna kutchula chimene chamukwiyitsa. Ndidapita nayo kwa makaniko wathu. Iye adatsegula boneti, nayang'ana chivindikiro chapulasitiki chimene chidaphimba zonse, napendeketsa mutu monga kale, koma sadamve kanthu, ndipo atapukuta manja ake, amene sadade n'komwe, adati: "Achikulire, iyi si yanga. Iyi imalankhula ndi kompyuta, mupite nayo ku Blantyre." Ku Blantyre mnyamata adalumikiza kachingwe pansi pa chiwongolero, nawerenga nambala, nandilipiritsa chifukwa cha kuwerengako, nanena kuti kachipangizo kofunikako kayenera kuitanitsidwa kunja ndi madola, ndipo aliyense amene adali moyo mu November 2023, pamene kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, adziwa tanthauzo la mawu amenewo. Sopo, waya ndi legeni zidatha ntchito.

Ndi m'mudzi momwe zinthu zidasintha. Kale mazenera a Agogo sankakwera, choncho ndinkalonjera aliyense, ndipo aliyense ankandiyankha. Tsopano ndimadutsa m'magalasi otseka, ndipo amene ankanditcha achikulire ayamba kunditcha bwana, dzina limene m'dziko la maesiteti lino lili ndi mbiri yake chiyambire masiku a thangata, ndipo salitchula chifukwa cha chikondi chokha. Wobwera kudzabwereka ndalama sakhulupiriranso ndikati ndilibe, pakuti umboni wa umphawi wanga, umene unkaima pakhomo usana ndi usiku, ndidausiya ku Limbe. Ndipo pakagwa zovuta, pamene kale Agogo ankanyamula bokosi, nkhuni, ufa ndi amayi oimba ulendo umodzi, lero ndimangonyamula anthu anayi ovala bwino, amene amasankhana okha mokangana, otsalawo n'kudandaula ine.

Wina angaganize kuti chiphapha chikagulitsidwa ndiye kuti chafa, koma chiphapha sichidziwa imfa monga tiidziwira ife. Chikatopa kwenikweni, ekiselo yake imasanduka ngolo, masipuling'i ake amapita kwa wosula n'kubwerako ali nkhwangwa ndi zikwanje, matayala ake amasanduka nkhwayira, machubu ake amamanga mitolo pa njinga za dziko lonse, mpando wake umakhala pakhonde la mfumu, ndipo chotsalacho chimalera nkhuku. Ndikufuna kuona kanyali kachikasu kaja kadzasanduka chiyani.

Agogo sanafike pamenepo. Wamalonda uja adawagulitsa kwa mnyamata wina wa matola, ndipo m'dzinja lapitali, pamene galimoto yanga idakhala pamtumbira m'msewu wa dothi, matayala akuzungulira m'matope osagwira pansi, mayi wa Chijapani akunenabe za khadi lake, ndidamva kutsokomola kumene ndikadakuzindikira ngakhale m'tulo. Adatulukira pakona atasenza matumba a chimanga, mbuzi ziwiri ndi anthu amene sindidathe kuwawerenga. Anthuwo, pokhala ozolowera ntchito yotere, adatsika osapemphedwa, nagwira galimoto yanga mbali zonse, naitukula ndi kuiika pouma. Ndidafuna kuthokoza mmodzimmodzi monga mwa mwambo, koma dalaivala, amene phazi lake silidachoke pa moto nthawi yonseyo, adatulutsa mutu pazenera lija losakwera nafuula kuti: "Pepani achikulire, tithokozana tsiku lina! Akazima pamtunda pano, tonse tigona pompano!"