A Ndibweza

Ndiyambe ndi kunena kuti ine sindinabe ndalama ya munthu. Ku Kawale kuno anthu akuyankhula zambiri, ena mpaka akuti feteleza wa apongozi ndinatchovera juga, koma zoona zake n'zakuti tambala iliyonse imene ndinatenga ndinailemba. Ndine kalaliki wowerengera ndalama, kulemba ndiye ntchito yanga. Ndipo kulembako ndi kumene kwandipachika.

Zinayamba pa 18 Disembala. Abwana athu, monga amachitira mabwana ambiri mwezi umenewu, anatipatsa malipiro msanga kuti tikadye Khirisimasi mosaphinjika. Chifundo chimenechi chimakhala ndi mbedza m'kati, chifukwa ukalandira pa 18 Disembala, malipiro ena udzawaona kumapeto kwa Januwale, patadutsa masiku oposa 40. Masamu amenewa ine ndimawadziwa kuposa aliyense mu ofesi mwathu. Sabata yomweyo gulu la banki m'khonde la mayi akunyumba linagawana masheya a chaka chonse. Usiku ana atagona tinakhoma chitseko, n'kukhuthulira zonse pabedi. Sindinaonepo nkhope za a Kamuzu zochuluka chotero m'nyumba mwanga.

Mayi akunyumba anatulutsa maenvelopu asanu a khaki n'kulemba ndi zilembo zikuluzikulu: LENDI, FIZI, CHAKUDYA, FETELEZA WA AMAYI, KHIRISIMASI. Ya Khirisimasi ndiyo inali yowonda kuposa zonse. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, iwo sakhulupiriranso ndalama imene ilibe dzina. Amati ndalama yopanda dzina ndi ya aliyense.

"Bambo a ana, General January sanamwalire. Ali m'njira," anatero akumata.

Apa m'pamene ndinayankhula mawu amene ndikanawameza. "Mayi, ndalama za kampani yonse zimadutsa m'manja awa. Maenvelopu asanu angandikanike?"

Anandiyang'ana kanthawi ndithu, kenaka n'kundipatsa. Ndinawaika m'chikwama momwe ndimasungira masatifiketi.

Ya Khirisimasi inafera ku msika wa Tsoka pa 21. Tinagula zovala za ana pa kaunjika, mpunga, mafuta ophikira ndi Sobo, basi yatha. Tikutuluka ndinaona jekete yakuda itapachikidwa payokha ngati ikudikira munthu. Ndinaiyesa. Mnyamata wogulitsayo anabwerera m'mbuyo, n'kugwira pakamwa, amvekere, "Bigi, ndimayesa ndinu a nduna." Tsiku lotsatira ndinabwerera ndekha.

Ndalama yake ndinaitenga mu envelopu ya CHAKUDYA, poganiza kuti chakudyacho n'cha Januwale ndipo Januwale anali kutali. Koma poti ndine munthu wadongosolo, ndinang'amba pepala n'kulemba: "Jekete, K35,000. Ndibweza." Ndinaika deti, ndinasaina, n'kulipinda kawiri. Nditalowetsa mu envelopu muja ndinatulukira chinthu chimene chikanayenera kundiopsa, koma chinandisangalatsa: pepala lopinda bwino limanenepetsa envelopu mofanana ndi ndalama. Kuigwira kunja, simungadziwe kuti m'kati mwachitika maliro.

Sipika ndinagula madzulo ake. Aneba athu anali nayo, ndipo ana anga ankakamvera nyimbo pawindo la eni ngati amasiye.

Pa 24 tinakwera minibasi ya ku Dedza, n'kutsikira pa Chimbiya, kwawo kwa mayi akunyumba. Chikwama ndinachitenga, poopa akuba. Tili m'njira mayi anandinong'oneza kuti envelopu ya feteleza tingowapatsiratu amayi, poti tafika kale. Ndinakana. Ndinawafotokozera mofatsa, ngati mphunzitsi, kuti anthu akumudzi ukawapatsa ndalama nyengo ya chikondwerero amaidya, ndiye ndi bwino ndiisunge ine mpaka nthawi yothira wobereketsa itakwana. Mawu amenewa anabwerezedwa pambuyo pake pamaso pa ankhoswe, osasiyako ngakhale limodzi.

Amene sanakhalepo mkamwini wa m'tauni sangamvetse zimene zimachitika m'mutu mwa munthu akatsika kabaza atavala jekete yakuda, sipika ili paphewa, ana a mudzi wonse akuthamangira kudzalandira katundu. Alamu anandipatsa mpando wokhawo wokhala ndi potsamira. Wina anati, "Bwana afika, chaka chino sitidya nkhwani." Ndikanatani? Mpunga ndi nkhuku ziwiri zimene tinabweretsa zinaoneka ngati chipongwe pa chinamtindi chimene chija. M'mawa wa Khirisimasi ndinaitanitsa mbuzi. Inali tonde wonenepa, wa K70,000, ndipo envelopu imene inali pamwamba inali ya feteleza.

Apongozi anga ndi mayi wa mwambo. Sakhala nane pafupi, sitidyera pamodzi, ndipo tikakumana panjira amapatuka n'kunjuta chapatali. Tsiku limenelo anatuma mwana wawo kudzandiuza kuti chikwatireni ana awo aakazi sanaonepo mkamwini wamtima ngati ine. Ndinayankha modzichepetsa kuti n'zochepa. Chiwindi anawapatsa iwowo.

Masiku otsatirawo ndinkapita ndi alamu pa Chimbiya kukaona nyengo. Munthu amene wagula mbuzi sangalole kuti alamu ake adzigulire chakumwa, anthu angadabwe. Usiku uliwonse ndinkayatsa tochi ya foni pansi pa bulangete n'kulemba. "Zoziziritsa kukhosi za alamu, K18,000. Ndibweza." "Kanyenya, K9,000. Ndibweza." "Kuthandiza timu ya mpira ya m'mudzi, K15,000. Ndibweza." Timuyo inandisankha kukhala mlangizi wake wamkulu, udindo umene ndikadali nawo.

Tinabwerera pa 2 Januwale. Usiku womwewo ndinadzitsekera kubafa ndi chikwama kuti ndiwerengere bwinobwino. Ndinapeza timapepala 17. Mu LENDI munatsala theka. Mu FIZI munali ndalama ya mwana mmodzi, chonsecho ana a sukulu ndili nawo atatu. Ya feteleza, imene munali K150,000, inatsala ndi K20,000, koma inali yonenepa kuposa tsiku limene inamatidwa. Ndinaimenya sitepula katatu n'kuiika pansi penipeni.

M'mawa mwake ndinagula kope la masamu n'kuitanitsa msonkhano wa banja. Ndinalengeza kuti chuma cha dziko sichili bwino, choncho nyumba ino iyamba kuyendera bajeti. Nyama yaimitsidwa. Lolemba bonya, Lachiwiri soya, Lachitatu nyemba, Lachinayi msuzi wa nyemba zomwezo. Shuga supuni imodzi, ndipo wothira ndine. Babu ya pakhonde ndinaigulula ndi manja anga kuti mayunitsi afike kumapeto kwa mwezi. Chisamba wanga, amene ali Fomu 2 ndipo wayamba kudziwa zinthu, anafunsa chifukwa chimene tikugulira ufa wa m'timapepala ta walkman pamene amayi anasunga ndalama ya thumba lathunthu. Ndinamuuza kuti ufa wambiri umachita anankafumbwe nthawi ya mvula.

Kuntchito ndinayamba kuyenda wapansi. Anzanga ndinkawauza kuti ndi lonjezo la chaka chatsopano, ndikufuna kuchepetsa mimba. Ambiri anandiyamikira, ndipo sindinachedwe kudziwa chifukwa chake: m'mawa uliwonse ndinkakumana nawo panjira, nawonso akuchepetsa mimba, nsapato zili m'jumbo poopa matope. Tinkapatsana moni mwaulemu osafunsana zambiri.

Sukulu zitatsegulira ndinachita zimene akatswiri a zachuma amachita, kusuntha ngongole. Ndalama ya lendi inalipira fizi ya mwana wachiwiri. Ya chakudya inakatseka pakamwa pa alandilodi kwa sabata imodzi. Sipika ndinaigulitsa kwa aneba omwe aja pamtengo wosafika theka, moti tsopano ali nazo ziwiri ndipo ana anga abwerera pawindo. Za mwana wachitatu ndinapita kwa mkulu wina wa katapila kuseri kwa msika. Anandilandira ngati m'bale, n'kundiuza kuti pa K10,000 iliyonse ndidzabweza K15,000 mwezi ukatha, ndipo khadi la kubanki ndi nambala yake yachinsinsi zigona kwa iye. M'kabati mwake munali makhadi omanga ndi mphira ngati mitolo ya mpiru. Limodzi ndinalizindikira, linali la munthu amene amatiphunzitsa za kasungidwe ka ndalama kutchalitchi.

Pa 15 Januwale, tsiku lokumbukira John Chilembwe, dziko lonse linali pa holide. Nkhope yake ili pa K500 ndi pa K2,000, koma ine ndinapisa m'matumba onse osamupeza. Ngakhale mayi Rose Chibambo a pa K200 anali atandithawa. Munatsala mafumu okhaokha, Inkosi Gomani ya pa K50 ndi Inkosi M'mbelwa ya pa K20, anthu olemekezeka amene sangakugulire ngakhale bokosi la machesi popanda kuitana anzawo. Ndinanyamuka m'mamawa kupita ku Area 25 kwa mnzanga amene ndinkayembekeza kuti andibwereka. Ndinamupeza akukonzeka kubwera kwathu pa nkhani yomweyo.

Ndili kumeneko, kunyumba kunafika mlamu wanga wamng'ono. Anati chimanga cha amayi chafika m'mawondo ndipo masamba ayamba chikasu, chikufuna UREA sabata yomweyo. Mayi akunyumba anatsegula chikwama, anapeza envelopu, anaigwiragwira n'kumva kuti ndi yonenepa, ndipo ataona masitepula atatu aja anayamikira mumtima kuti anakwatiwa ndi munthu wosamala. Anaipereka osatsegula.

Zotsatirazi ndinachita kumva, koma ndazimva kwa anthu ambiri moti ndikuziona ngati ndinalipo. Apongozi anapita okha kusitolo ya zaulimi pa Chimbiya, atavala chitenje chatsopano, wa kabaza wonyamula thumba atamupangana kale. Anaima pamzere. Itafika nthawi yawo anapereka envelopu kwa wogulitsa kuti awerenge yekha, poti maso awo anayamba kuchita nkhungu. Mnyamatayo anachotsa masitepula, anatulutsa ma K5,000 anayi, kenaka timapepala. Akanakhala munthu wachifundo akanangonena kuti ndalama yaperewera. Koma iye anafika Fomu 4, ndipo anafuna kuti mzere wonse udziwe kuti amatha kuwerenga.

"Mbuzi ya Khirisimasi, K70,000. Ndibweza."

Akuti panali zii.

"Zoziziritsa kukhosi za alamu, K18,000. Ndibweza."

Pofika pa kapepala kachitatu, mzere wonse unkayankhira pamodzi mawu omalizawo ngati kwaya. Alamu anga awiri amene anali pamzere womwewo anasowa mwadzidzidzi. Chimene chimandipweteka n'chakuti wakuba weniweni sakanasiya umboni wotere. Ine ndinalemba deti, chifukwa chake, ndi siginecha yomwe ndimasainira zikalata za kuntchito.

Loweruka ankhoswe anakhala pansi pa mtengo wa mango. Timapepala tonse 17, kuphatikizapo ta m'maenvelopu ena amene mayi akunyumba anali atawafufuza tsopano, anatiyala pamphasa motsata madeti, n'kutipsinja ndi timiyala. Malume anga, amene anabwera kudzandiimira, anatiyang'ana nthawi yaitali. Ndinkayembekeza kuti apeza ponditetezera. Anangoti, "Komatu mwanayu amalemba bwino."

Apongozi anakhala chapatali atatembenukira kumbali, ndipo mawu awo anadzera mwa mchimwene wawo. "Akuti mbuzi ija inali yokoma, akuthokoza. Koma akuti akanadziwa kuti akudya chimanga chawo cha chaka chino, akanasiyako mwendo umodzi wa mbewu." Kenaka mkuluyo anatembenukira kwa ine. "Akamwini, tamva kuti anthu akumudzi ukatipatsa ndalama pa Khirisimasi timaidya. Tikuthokoza kuti munatiteteza."

Mayi akunyumba sanakweze mawu, ndipo zimenezi zinandiopsa kuposa kukalipa. Anangopempha zinthu zitatu: chikwama, kope la bajeti, ndi khadi la kubanki likadzachoka kundende. Gulu lawo la banki m'khonde linali litangoyamba kumene kusonkha za chaka chatsopano, koma linawabwereka ndithu, pa dzina lawo, osati langa. Foni yanga yaikulu inagulitsidwa tsiku lomwelo. Zonse pamodzi zinakwana thumba limodzi, ndipo ankhoswe anagamula kuti wothira fetelezayo ndikhale ine.

Ndinathira Lamulungu titaweruka kutchalitchi mpaka Lolemba dzuwa kulowa, kuntchito nditanama kuti ndadwala malungo. Phando lililonse kubowola ndi kamtengo, kuthira kachitsekerero ka botolo kamodzi, kukwirira, kuweramanso. Sindinkadziwa kuti munda wa apongozi ndi waukulu chotero. Ana opita kusukulu ankaima m'mphepete mwa munda n'kupereka moni mwaulemu wonse, manja ali pamodzi: "Mwadzuka bwanji a Ndibweza?" Dzinali linakwera minibasi n'kundipeza ku Kawale. Dzulo wogulitsa makala wandiitana nalo, ndipo ndinayankha.

Masiku ano m'mawa uliwonse ndimalandira ndalama ya minibasi yopita kokha, pobwerera ndimachepetsa mimba. Ndimasainira m'kope lomwe lija ndinagula ndekha, pansi pa mutu umene mayi akunyumba analemba kuti ZOSABWEZA. Babu ya pakhonde inabwezeretsedwa, shuga akuthira ndi iwowo, ndipo ine ndimalandira supuni yosadzaza.

Lero ndi pa 24 Januwale. Malipiro akadzalowa, woyamba kuwaona ndi mkulu wa katapila uja. Ngati alipo amene akufuna jekete yakuda, yovalidwa kanayi kokha, yooneka ngati ya nduna, andipeze ku Kawale. Mtengo tikambirana, koma ndalama mukapereke kwa mayi akunyumba.