Ulemu kwa Kapampu Kosasunga Chinsinsi

Vulani zipewa, anthu a kwa Mwase, pakuti m'mudzi muno mwalowa nduna yatsopano. Simudzaiona pabwalo. Imakhala kunsi kwa Datsun yanga, pafupi ndi thanki, yomangidwa ndi bawuti imodzi ndi mphira wa chubu cha njinga. Ndikunena kapampu ka petulo koyendera magetsi, kochepa ngati chibakera.

Pampu yakale inali yaulemu waukulu: injini ikazungulira, nayo inkapopa, injini ikagona, nayo tulo. Galimoto ikakhala sabata osayenda, kabureta inkauma gwa, ine n'kuliza sitata mpaka batire kufa, kenako kuyamwa paipi ndi pakamwa n'kuitana ana a sukulu adzakankhe. Tsiku lina kachikopa kake ka m'kati kanang'ambika, petulo n'kutsikira mu oyilo. Makanika wina ku boma la Lundazi anaizula, anatseka bowo lake ndi kachitsulo, n'kulumikiza kapampu ka mavoti 12 ndi fyuzi yake. Anati kakhale kumbuyo chifukwa kamadziwa kukankha, koma kukoka n'kaulesi. Ndinakumbuka alamu anga, amene zonse ziwiri zinawakanika.

Koma ulemerero wake weniweni uli pakamwa. Ukangopotokola kiyi, kayamba: thi, thi, thi. Kabureta ikadzaza, kamatsitsa mawu ngati mkamwini pamaso pa apongozi. Thanki ikakhala youma, mayo ine! Kamasokosera mothamanga ngati mbalule gule atafika pachimake, mpaka a nyumba yachitatu amva. Kale umphawi wanga unali wanga ndekha, popeza geji inafa kalekale. Lero ndisanatuluke n'komwe pabwalo, mayi oyandikana nafe afuula ali pamtondo: "Achimwene, dzulo munathira wa botolo limodzi eti?"

Kali ndi ukali wakenso, monga mwa akuluakulu onse. Petulo wa m'zigubu akabwera ndi zinyalala, kamakwiya n'kukhala duu mpaka ukagogode ndi sipanala. Ndipo msewu wathu wopita ku boma, umene maenje ake akudziwa mayina a ana anga, umagwedeza waya mpaka kusomphoka. Ndagona chagada m'fumbi kangati, ndikusakasaka waya, pamene mabwana aja olonjeza giredala nthawi ya kampeni akudutsa m'galimoto zazitali, magalasi otseka? Zawo mapampu ali m'kati mwa thanki, ndipo salankhula. N'chifukwa chake sitidziwa amene amawathirira.

Mu Ogasiti alamu anadzapempha kuti ndiwatenge ku Kulamba, ku Mkaika kwa Kalonga Gawa Undi, iwo ndi thumba la mtedza, osatchulako za ndalama ya mafuta. Ndinalumbira kuti thanki ilibe ndi dontho lomwe. Iwo sanatsutse. Anapotokola kiyi, anagwada, n'kutchera khutu kunsi. Kapampu kanati thi... thi... modekha, ngati munthu wokhuta.

"Alamu," anatero akusasa fumbi m'mawondo, "thumbali ndiike kutsogolo kapena kumbuyo?"