Madamu Akaweruka Ndiye Ntchito Yayamba

Kuno ku Chigwa cha Shire, kuchokera pa Thabwa kukafika ku Marka, palibe munthu wopatsidwa ulemu kuposa mayi wapantchito. Akangotulukira pamsika wa Nchalo kapena pa Ngabu, akabaza amalimbirana kuliza belu: "Madamu, tiyeni!" Wogulitsa makakana amamulonjera ndi manja awiri, n'kukweza mtengo mwaulemu. Kutchalitchi amamusankha usungichuma mwini wake kulibe. Tauni yonse imagwirizana chimodzi: mayi uja ngolimba. Ndiye poti ngolimba, aliyense amabwera ndi kakatundu kake kudzamusenzetsa, kuopa kuti kulimbako kungapite pachabe.

Tsiku la Madamu limayamba tambala asanaganize zolira. Mwezi wa Okutobala kuno kutentha kumapyola madigiri 40, ndipo banja lonse limasamukira pakhonde, m'nyumba n'kusiyira abuluzi. Mpopi nawo unatengera anthu a kufakitale ya shuga, umagwira shifiti ya usiku. Ukayamba kutsokomola cha m'ma 3 koloko, amene amaumva ndi Madamu okha. Khutu la Bambo ndi losankha. Chigoli cha Maule pa wailesi ya aneba a nyumba yachitatu limachimva, koma mpopi ndi kulira kwa khanda sizilowamo. Ukaphonya madzi a usikuwo, kwatsala n'kumjigo, ndipo mijigo ina ya kuno madzi ake ndi amchere, sopo amakana kuchita thovu, tiyi wake ana amamwa akuyang'ana mayi awo ndi diso lofunsa.

Ikamakwana 6 koloko zigubu zadzaza, mbaula yayaka, phala lapsa, yunifolomu yasitidwa. Apa m'pamene mwana wamkulu amakumbukira kuti aphunzitsi anati aliyense abwere ndi tsache, wopanda tsache asayerekeze n'komwe kuponda m'kalasi. Madamu akakhala kuti nawonso ndi aphunzitsi amangomeza mawu, chifukwa dzulo lomwelo anauza ana a eni ake kuti abwere ndi makasu.

Tisawanamizire Bambo kuti amangokhala. Ali ndi udindo wawo, womwe ndi kulengeza. Ali chigonere pamkeka amapereka nkhani zapakhomo mosakondera: "Amayi a mwana, mwanayu akulira." Pakapita kanthawi: "Amayi a mwana, mbuzi yalowa kukhitchini." Zonse n'zoona, ndipo zimafika pa nthawi yake. Tsiku limene anyamula khanda n'kuima nalo pamsewu, azimayi opita kudimba amatula makasu kuti aone bwino. "Koma Madamu aja anachita mwayi, anapeza mwamuna!" Madamu omwe abereka mwana yemweyo kumbuyo chibadwire, uku akusenza ndowa, palibe anawaimirapo.

Amene amadziwa bwino za maphunziro a ana ndi wakabaza. Ndiye amawanyamula m'mawa uliwonse, wina pakaliyala, wina patsogolo, zikwama zitapachikidwa pahandulo. Amadziwa tsiku la mayeso, amadziwa amene wataya nsapato, amadziwanso chifukwa chake wamng'onoyo sakufuna kupita kusukulu Lachinayi. Bambo akakumana naye pa Dyeratu amafunsa mwaukulu: "Achimwene, mnyamata wanga uja akukhoza bwanji ku Sitandade 3 kuja?" Wakabaza amavula chipewa. "Akukhoza ndithu, bwana. Kungoti chaka chino ali Sitandade 5."

Mzati weniweni wa nyumba ya mayi wapantchito ndi anti. Mwambo wa m'tauni suloleza kuwatchula kuti wantchito. Alendo akabwera timati, "Uyu ndi m'bale wathu, timangokhala naye." Ubalewu uli ndi phindu lake, chifukwa m'bale sawerengera masiku a mwezi. Madamu omwe masana amadandaula kuofesi kuti malipiro achedwa, madzulo amauza anti kuti, "Iwe ndiwe mwana wapakhomo, usamakonde ndalama." Anti nawo ali ndi yankho lawo lomwe silitsutsika: "Agogo adwalika ku East Bank." Ulendo wake ngwokwera bwato, foni siigwira, tsiku lobwerera limadalira madzi a Shire. Pakatha milungu iwiri Madamu amawaona agogo aja atachira, anti akuyanika matewera kwa aneba a nyumba yachiwiri, amene anawonjezera kangachepe pamalipiro. Amayi awiriwa akakumana kumpopi amalonjerana mpaka kufunsana za nkhuku, koma za anti satchula. Wolandidwayo amangoyamba kulonjera mwachikondi mtsikana wa kunyumba yachinayi.

Kuofesi kuli mpando, ndipo magetsi akakhalapo kuli fani. Kulinso bwana, munthu wa mfundo zake. "Madamu, za kunyumba muzizisiya kunyumba," amatero tsiku limene Madamu achedwa chifukwa cha kusikelo. Akatero amaitana mesenjala n'kumutuma kukagula thumba la makala, akalitule kunyumba kwa bwanayo, pobwerera adzere kusukulu akatenge ana. Mwamuna wa mu ofesi yomweyo akapempha kuweruka msanga kuti mwana watentha thupi, anzake amagwedeza mitu mogoma: bambo wachitsanzo. Akapempha Madamu, mawu amamveka chapansipansi: "Azimayiwa ndiye vuto lake limeneli." Kukabwera kalata ya msonkhano wa ku Blantyre, wa masiku atatu ndi alawansi yake, bwana amagwidwa chifundo chadzidzidzi. "Ife timakuganizirani, Madamu. Muli ndi mwana wamng'ono, mungavutike." Chifundocho chimakwera minibasi pamodzi ndi azibambo, n'kukapuma mphepo yozizira kumtunda kwa mapiri a Thabwa.

Boma silinagone pa nkhaniyi. Lamulo la ntchito la 2000 limapatsa mayi woyembekezera tchuthi cha milungu yosachepera 8, malipiro osadulidwa, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse. Ana ena, posadziwa malamulo, amabadwa zaka zitatuzo zisanakwane. Mu 2021 aphungu anasintha lamulolo. Mayi woyamwitsa anapatsidwa mphindi 30 kawiri patsiku kuti akayamwitse, zomwe n'zabwino kwambiri kwa amene amakhala kuseri kwa ofesi. Wogwira ntchito pa Boma koma akukhala ku Dyeratu, mphindi zakezo amayamwitsa nazo wakabaza. Lamulo lomwelo linapatsanso abambo tchuthi cha milungu iwiri mwana akabadwa, kuti akathandize mayi. Abambo a kuno analilandira ndi manja awiri.

Tchuthicho chimayenda motere. Tsiku loyamba Bambo amajambulitsa atanyamula khanda, chithunzi n'kuchiika pa WhatsApp ndi mawu othokoza Mulungu. Lachiwiri amapita pabawo kukalandira mafuno abwino, poti si ulemu kuvutitsa anthu kuti abwere kunyumba. Lachitatu amakumbukira kuti ng'ombe zawo ku Ngabu sanazione kalekale. Masiku otsalawo amakhala pakhomo ndithu, zomwe zikutanthauza kuti nsima ya masana, imene kale ankadyera kuntchito, tsopano iyenera kupsa 12 koloko, ndipo ndiwo zake zisakhale za dzulo. Pofika mlungu wachiwiri, mayi wa mwana wakhanda amafunsa modekha: "Kodi bambo a mwana, tchuthi chothandiza inechi chitha liti?"

Nyumba ya munthu wolandira pamwezi siikhala ya banja limodzi. Ikakhala pafupi ndi chipatala cha St Montfort ku Nchalo, kapena chipatala chachikulu pa Nsanje, ndiye kuti aliyense wa kumudzi amene wamva kuphwanya m'thupi adziwa kale kofikira. Amabwera ndi womudikirira, womudikirirayo amabwera ndi mwana, mwanayo amabwera ndi njala. Pa nthawi ya madzi osefukira palibe amene amawerenga mitu. Mu Januwale 2015, pa namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023, anthu anataya nyumba, ziweto ndi abale, ndipo mabanja a m'matauni a kuno anayala mikeka mpaka kukhitchini osanyinyirika. Chibale ndi fupa, sichiola. Koma pali alamu ena amene anabwera ndi madzi a 2015. Madziwo anaphwa, anthu anabwerera, anamanga, anakolola mapira kangapo konse. Alamu akadali pampando wa pafupi ndi soketi, akutchaja foni. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, ndipo mame a ku Chigwa sachedwa kukamuka. Alamuwa dzuwa la Nsanje linawalephera. Kuwatuma kuti akatenge mwana kusukulu n'kuwalakwira, chifukwa iwo ndi mlendo.

Apongozi akafika, amafika ndi maso. Amapitira chala pathebulo, amasuzumira mumphika, amakweza mwana m'mwamba kuti amuyeze kulemera. Nsima yophika anti sadya. Akuti imamveka kuti wophikayo ndi wolipidwa. Madamu akafika 5 koloko, nsapato zisanavulidwe, amamva moni wake: "Mwaswera, mayi? Ife tangokhalatu ndi njala, timati tidikire eni khomo." Kenako amatembenukira kwa mwana wawo, bambo wa mimba yake yooneka bwino, n'kupukusa mutu: "Mwana wanga waonda." Tsiku la malipiro lokha m'pamene apongozi amavomereza kuti ntchito ya mkazi ndi dalitso.

Chigwa chino chili ndi miyambo iwiri ya ukwati, ndipo pa nkhani ya mbale yonse imafika pamodzi. Kwa Asena mwamuna amapereka lobola, choncho akaona mbale zaunjikana amakumbukira ng'ombe za bambo ake zimene zinapita. Kwa Amang'anja mwamuna ndi mkamwini, choncho akaona mbale zomwezo amakumbukira kuti iye pakhomopo ndi wobwera, sangamagwiregwire ziwiya za eni. Akatswiri a chikhalidwe amati miyambo iwiriyi ndi yosiyana kwambiri. Sanafunse mbale.

Nthawi zina Madamu amatopa n'kulankhula. Bambo amamvetsera mwachidwi, amavomereza kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo amalengeza pamaso pa ana kuti kuyambira Lolemba zinthu zisintha: iwo azisambitsa ana, azisita, Loweruka aziphika. Lonjezo limeneli lili ngati doko la ku Nsanje lomwe analitsegulira Bingu wa Mutharika mu Okutobala 2010: mwambo unachitika, alendo anabwera, anthu anavina, chatsala ndi sitima.

Loweruka ndi tsiku lopuma, ndiye Madamu amadzuka 4 koloko kuti achape za mlungu wonse. Akakhala wa ku Nchalo m'nyengo yodula nzimbe, amayanika malaya oyera uku akuyang'ana kumwamba, chifukwa phulusa la nzimbe zotenthedwa limadziwa pamene pali kolala. Ikatha ntchito imeneyo pali maliro, ndipo mayi wapantchito akapanda kuoneka kusiwa anthu amasunga mawu: "Aja amadzimva, tidzaona tsiku lawo." Pali banki m'khonde, pali kwaya, pali chinkhoswe cha mwana wa msuweni. Pamwamba pa zonsezi, komiti ya bridal shower imamupempha kuti akalangize mkwatibwi pa mutu wakuti kusamala ntchito ndi banja. Amaima kutsogolo atatchena, chitenje chofanana ndi anzake, n'kuyamba: "Mwana wanga, chinsinsi chake ndi dongosolo. Ukakhala ndi dongosolo, zonse zimayenda zokha." Foni imalira m'chikwama. Amaidula. Imaliranso. Poopa kuti mwina ndi ngozi amayankha, maikolofoni ili pakamwa, ndipo holo yonse imamva: "Amami, adadi akuti mchere mumasunga pati?" Azimayi amaombera m'manja, ena akupukuta misozi, chifukwa aliyense wazindikira mawu a kunyumba kwake.

Chaka chilichonse pa 15 Okutobala dziko limakumbukira amayi, ndipo kuno tsikuli limagwa dzuwa lili pachimake. Banja limachita zotheka. Ana amaimba. Bambo amatulutsa mphatso yokutidwa bwino, yomwe ndi poto wamkulu, wokwanira anthu 20. Kuti potoyo asachite manyazi, amaitana anthu 20: apongozi, alamu, abale a alamu, ndi anzawo awiri a kubawo. Mbuzi imaphedwa. Amuna amakhala pansi pa mtengo wa bwemba kukambirana za kufunika kwa amayi pa chitukuko cha dziko, pamene mwini tsikulo ali kuseri ndi mthiko, utsi uli m'maso, khanda lili kumsana. Pomaliza Bambo amaimirira kuyankhula m'malo mwa onse: "Amayi a mwana, lero ndi tsiku lanu. Mbalezi musavutike nazo usiku uno. Mutsuka mawa."

M'mawa wa tsiku lantchito lotsatira, mlonda wa paofesi amapeza Madamu ataima pageti 6 koloko isanakwane. Amalowa, amavula nsapato, amayatsa fani, amamwa tiyi yense mpaka pansi pa kapu popanda womupempha kuti alaweko. Bwana pofika amawapeza ali pampando, nkhope ili mbee, ndipo amasonkhanitsa antchito onse.

"Anthu inu, tengerani chitsanzo. Mayi awa ali ndi ana anayi, koma onani mmene amaikondera ntchito. Madamu, chaka chino simunatengebe tchuthi chanu. Ndikusainirani mwezi wathunthu, mukapume kunyumba."

Madamu amagwada pansi, manja ali pachifuwa. "Bwana, ndakulakwirani chiyani?"