Kamangidwe ka Masitepe Ogwetsa Anthu M'nyumba Yosanja

Masitepe ogwetsa anthu amafuna dongosolo, ndipo dongosololo limayambira pa pulani. Tsatirani ndondomeko iyi osalumpha gawo.

Choyamba, musaganize za masitepe mpaka silabu ya m'mwamba itathiridwa. Gawani malo a pabalaza, khitchini ndi zipinda zogona, ndipo kampata kotsala pafupi ndi bafa ndiye kakhale ka masitepe. Ngati kuchoka pansi kufika m'mwamba pali mamita 2.8, amisiri osamala amaika masitepe 16 a masentimita 17.5, popondera pake masentimita 28, zomwe zimadya malo otalika mamita 4.2. Inu perekani mamita 2 okha. Mudzapeza masitepe 12 a masentimita 23, popondera masentimita 18. Ku Britain malamulo salola masitepe a m'nyumba kuima kuposa madigiri 42. Anuwa adzafika 52. Potsika, munthu wamkulu azipondera chidendene chokha, zala zili m'malere.

Pulaniyo musapite nayo ku khonsolo, ndipo injiniya asaione. Okuuzani kuti safunsa adadya phula akungofuna kukuchedwetsani.

Chachiwiri, masitepe asafanane. Apa m'pamene pagona luso. M'zaka za m'ma 1670, katswiri wa zomangamanga wa ku France, François Blondel, adaonetsa kuti kukula kwa sitepe kuyenera kutsata mayendedwe a munthu. Mpaka lero amisiri amachulukitsa msinkhu wa sitepe kawiri, n'kuphatikiza kukula kwa popondera, kuti apeze masentimita pafupifupi 63. Mwendo ukakwera masitepe awiri kapena atatu umazolowera muyezowo, maso n'kusiya kuyang'ana pansi. Gwiritsani ntchito chizolowezi chimenechi. Sitepe yachisanu ndi chiwiri ikhale yotalikirapo ndi masentimita awiri okha. Diso silizindikira, koma chala chachikulu chidzaipeza.

Njira yake ndi yosavuta. Tepi ndi levulo zikhale m'chikwama, matabwa othirira konkire akhomedwe mongoyerekeza. Komanso yezani msinkhu musanaganize za matailosi. Akadzaikidwa pansi ndi m'mwamba, sitepe yoyamba idzafupika, yomaliza idzatalika, popanda inu kuwonjezera ndalama.

Chachitatu, chepetsani bowo la pa silabu. Pamwamba pa sitepe iliyonse pamafunika mpata wa mamita 2 kuti mutu udutse. Mamita 1.6 akukwanirani. Mlendo aliyense wamtali adzadziwa ndi chipumi chake pamene silabu yayambira. M'lifupi, m'malo mwa masentimita 90, ikani 60. Bedi ndi kabati zizilowera pa windo ndi zingwe, ndipo munthu wodwala sangatsitsidwe ndi anthu awiri.

Chachinayi, chotsani popumira. Malo afulati apakati aja amaimitsa munthu amene wayamba kugubuduka, motero amadula ulendo wake. Pamwamba, chitseko cha kuchipinda chizitsegukira pa sitepe penipeni, kuti wotuluka ali ndi tulo phazi lake loyamba lisapeze pansi.

Chachisanu ndi chogwirira. Chabwino koposa n'kusaika n'komwe, n'kumauza alendo kuti wowotcherera abwera mwezi wamawa. Ngati apabanja aumirira, musachiike pa masentimita 90 pamene dzanja limafikira. Chifike m'mawondo, kuti wotsamira apitirire. Mipata ya zitsulo isakhale yochepera masentimita 10 monga amafunira osamala ana. Ikani 20, muyezo umene mutu wa mwana wokwawa umalowa bwinobwino, ndipo thupi limatsatira. Zitsulozo zigone chopingasa kuti wa zaka zitatu azikwerapo.

Chachisanu ndi chimodzi, kongoletsani. Sankhani matailosi onyezimira a mtundu umodzi kuyambira pansi mpaka pamwamba, kuti m'mphepete mwa sitepe musaoneke. Ngati ndi simenti, isalazeni kwambiri, muzipaka polishi wofiira Loweruka lililonse ndi kukolopa m'mawa ana akuthamangira kusukulu. Windo lisakhalepo. Switchi ikhale imodzi, pamwamba, kuti wochokera pansi azikwera mumdima kukayatsa getsi. Masitepe atatu apansi asungireni nsapato, tsache ndi ndowa.

Tsopano yesani ntchito yanu. Dikirani usiku woti magetsi athima. Mayi wobereka mwana kumbuyo atsike atanyamula beseni la zochapa, agogo akwere ndi ndodo yawo. Kwa wachinyamata zotsatira zimakhala bondo lotupa kapena dzino lothyoka. Kwa okalamba zimakhala zokhalitsa, chifukwa fupa la m'chiuno likathyoka ambiri sayendanso ngati kale. Ngati agogo apempha kuti aziyaliridwa mphasa pabalaza, ana aletsedwa kukwera okha, ndipo inu mwini mukutsika chammbali mutagwira khoma, ndiye kuti miyezo yonse yakwana.

Pomaliza, thirani konkire yolimba ndi zitsulo zokwanira. Ikauma, palibe kukonza kwina koma kugumula, ndipo ndi ochepa amene amalolera kugumula chimene adalipira. Mukatero, masitepe anu adzagwetsa inu, ana anu ndi zidzukulu zanu kwa nthawi yonse imene nyumbayo idzaime.