Zimene Tidalowetsa pa Ulendo wa Amayi wa ku Likoma

Zotuluka m'nyumba muno, kwathu ku Njuli, mwezi wa Seputembala.

Mbuzi yaikazi imodzi. Ndalama yake idapita ku minibasi, anthu awiri, ine ndi amayi, kudzera ku Zomba, Liwonde ndi Mangochi mpaka ku Monkey Bay, popita ndi pobwera.

Nandolo matumba awiri. Ndalama yake idagula matikiti a sitima ya Ilala, kalasi yotsika. Sitimayi idayamba kuyenda panyanja mu 1951, amayi asanabadwe, ndipo dzina lake ankangolimva pa wailesi.

Nkhuku ziwiri zokazinga ndi mbatata zophika: kamba wa panjira.

Chitenje chatsopano chimodzi. Amayi adanenetsa kuti m'nyumba ya Mulungu ya ku Likoma salowamo ndi chakale.

Tomato ndowa imodzi: ya alamu, amene adatithiririra kudimba masiku onse amene tidachokapo.

Pogona: sitidalipire. Banja lina la mumpingo lidatiyalira mphasa. Tidawasiyira ufa woyera umene tidanyamula, poti pachilumba cha Likoma nthaka ndi yamiyala ndi mchenga, chimanga chambiri chimachita kubwera pa sitima. Ife tidadya kondowole ndi usipa wa tsiku lomwelo. Madzulo tinkakhala pansi pa mlambe n'kumaona mapiri a ku Mozambique pafupi kwambiri, pakuti Likoma ndi Chizumulu ndi nthaka ya Malawi yozunguliridwa ndi madzi a dziko la eni.

Chopereka cha Lamulungu ku tchalitchi cha St Peter's: amayi adamasula okha pamfundo ya chitenje, sindidawafunse kuti ndi zingati. Apa ndiye panali mutu wa ulendo wonse. Amishoni a Anglican a UMCA adayamba kumanga msasa ku Magomero, kufupi ndi kwathu konkuno, mu 1861, ali ndi Bishopu Mackenzie. Njala, nkhondo ndi matenda zidawachotsako, ndipo ku Likoma adakakhazikika mu 1885. Tchalitchicho adayamba kumanga mu 1903. Amayi akhala akupemphera mu Anglican moyo wawo wonse, ndipo ankafuna kuona ndi maso kumene mpingo wochoka pakhomo pawo udakafika. Mapemphero atatha adatsalira pabenchi nthawi yaitali, ine ndidawadikira panja. Mbuzi ija sindikuidandaula.

Zobwera nazo: usipa wouma chigoba chimodzi, tagawana nyumba zinayi.

Zotsala: ngongole ya ku banki m'khonde, yobweza mu Disembala. Feteleza chaka chino tigula thumba limodzi m'malo mwa awiri. M'khola mwatsala mbuzi imodzi, ili ndi bere.