Galu Wamkota Sakandira Pachabe, Koma Azikandabe

Akuluakulu adati galu wamkota sakandira pachabe. Mwambiwu ndidauona ndi maso mu 2022, Lionel Messi akusewera World Cup ku Qatar. Bambo wa zaka 35, anzake akuthamanga ngati aona njoka, iye akungoyenda ngati watumidwa tomato kumsika. Koma akati akande, chigoli. Chikho adanyamula.

Lamlungu lotsatira ndidapita ku mpira wa madala nditatsimikiza kuchita zomwezo. Kuyenda kokha ndidayenda ndithu, mphindi 40 zathunthu. Nditati ndikande, china chake chidaduka kuseri kwa ntchafu. Anyamata awiri adandinyamula ngati thumba la chimanga, wina akufunsa mwaulemu: "Madala, mumasewera kapena mumafunafuna makiyi?"

Ofufuza za thupi akanandichenjeza. Iwo amati munthu akapitirira zaka 30, minofu yake imachepa ndi 3 mpaka 8 peresenti pa zaka 10 zilizonse, ndipo akadutsa 60 imachita kuthawa. Mu 1989 Irwin Rosenberg adalipatsa vutoli dzina loti sarcopenia, lomveka ngati mankhwala a mbozi. Chowawa n'chakuti yoyamba kutsanzika ndi minofu ya liwiro, ija yodumphira ngalande ndi kuthamangira minibasi. Yoyendera pang'onopang'ono imatsala, n'chifukwa chake agogo amafika kumaliro kutsidya kwa phiri, koma nkhuku ya pabwalo imawalaka.

Akatswiriwa amamata tinthambo pakhungu kuti amve magetsi a mnofu ukamagwira ntchito. Apeza kuti mwa okalamba minofu ya kutsogolo ndi ya kumbuyo kwa mwendo imakonda kukoka nthawi imodzi, ngati komiti ya ukwati yosagwirizana. Ndiye galu wamkota uja si nzeru zokha ayi. Wawerengera mtengo wa kukanda kulikonse.

Koma anzanga a pabawo augwira mwambiwu kumchira. Iwo akuti poti sitikandira pachabe, tisakande n'komwe. Khasu alekera adzukulu, kugolosale kwa pafupi akwera kabaza, ndipo chokhacho chomwe chikukula ndi mimba.

Amve izi. Mu 1990 Maria Fiatarone ndi anzake ku Boston adafalitsa zomwe adapeza atanyamulitsa zitsulo ndi miyendo nkhalamba 10 za zaka 86 mpaka 96. Patangotha masabata 8, mphamvu za omwe adamaliza zidakwera ndi 174 peresenti. Ena mwa iwo ankayendera ndodo! Roger Milla naye adagoletsa chigoli pa World Cup ya 1994 ali ndi zaka 42, ngakhale timu yake ya Cameroon idakwapulidwa 6 kwa 1 ndi Russia tsikulo. Messi woyenda uja amakhetsa thukuta sabata yonse kumene ife sitimuona. Ine ndidatengera kuyenda kokha.

Ntchafu yachira tsopano, ndipo m'mawa uliwonse ndikunyamula zigubu ziwiri za madzi, mayi a kunyumba akudabwa. Madala anzanga, Lamlungu ndikubwera. Mundisungire malo a goloboyi.