Mlandu wa mnyamata wobisala kuseri kwa foni

Bwalo linakhala Lolemba m'mawa patsinde pa mkuyu. Nyakwawa inaomba m'manja n'kutula mlandu: Loweruka, paukwati wa msuweni wake ku Area 25 ku Lilongwe, mnyamatayu anachititsa mudzi manyazi. Anaima poimika magalimoto kuyambira 2 koloko mpaka anthu kumwazikana, foni ili kukhutu.

Mboni yoyamba inali azakhali ake.

"Gogo Chalo, foniyo inali yozima! Nditamupempha kuti andijambule ndi mkwatibwi anati batire linathera pa Mponela. Nanga ankalankhula ndi mizimu?"

Anthu anafa nacho chiseko, mpaka nyakwawa inachita kumenya ndodo pansi.

"Si zokhazo," anapitiriza azakhaliwo. "Nthawi ya perekaniperekani MC anaitana abale a mkwati ochokera ku Kasungu. Ife tinadzuka, kuvina mpaka chitenje kumasuka. Iyeyu anasinthitsa K5,000 yake bwinobwino, n'kutuma kamwana kuti kakamuponyere m'lichero."

Mfumu inamuyang'ana. "Mdzukulu, ukuuvomera mlandu?"

"Wawa, Gogo. Koma kunalibe womudziwa. Anthu anali m'timagulu, akuseka nkhani zawo, ena akuthira Chingerezi. Ndinkaona ngati aliyense akuyang'ana nsapato zanga."

"Nsapato zako? Paukwati maso a anthu amakhala kumiphika, kuwerenga ngati nkhuku ifike pamzere wawo. Unadya?"

"Ayi, Gogo. Sindinadziwe koyambira mzere."

"Safunsa anadya phula, iwe ngakhale phulalo sunalilawe."

Apa bambo wina wa m'mudzi woyandikana nawo anakweza dzanja. Anaulula kuti nayenso anali komweko, atatsamira minibasi, akunamizira kuwerenga mauthenga a pa WhatsApp opanda bandulo. Bwalo litafunsitsa, zinapezeka kuti onse awiri ndi aPhiri, onse amasapota Bullets, ndipo anaima moyandikana masana onse osapatsana moni. Mfumu inagwira kumutu.

Nduna zinapita kuseri kukanong'onezana, ndipo sizinachedwe.

"Chigamulo nachi," inatero mfumu. "Pachinkhoswe chikubwerachi foni yako isunga nyakwawa. Iwe unyamula beseni ndi jagi, usambitse alendo m'manja. Wogwira ntchito sasowa chonena, ndipo palibe amamufunsa kuti wamuitana ndani. Aliyense womuthirira madzi umupatse moni, umufunse ngati ali mbali ya kuchimuna kapena kuchikazi, kenako umufunse kwawo. Akatchula mudzi, iwe khala chete uzimvetsera, zotsalazo alankhula yekha. Nkhani ikauma, nena kuti 'ndikaone ena uko', palibe adzakugwire malaya. Ukavine ngakhale nyimbo imodzi, ndalama uponye ndi dzanja lako."

"Nanga akandiseka, Gogo?"

"Takuseka kale ife pano, wafa? Chindapusa ndi nkhuku imodzi. Inunso aPhiri a paminibasi, tambala. Mubweretse limodzi Lachisanu, ndipo podzafika pano aliyense adzatiuze dzina la mnzake. Bwalo latha."